Gudumu la Kapuku

Njala ya Kapuku sinali ya m'mimba, inali ya mtedza basi. Kambewa kameneka kankakhala m'khola la waya m'nyumba ya ofufuza, pamodzi ndi Bwampini, chikhoswe cha chifuwa ngati mtondo. Mayi Nankhoma, mmodzi wa ofufuzawo, pofuna kudziwa ngati kuthamanga kumalimbitsa mtima, anaika magudumu awiri m'kholamo, lililonse ndi kamakina kowerenga kuti lazungulira kangati. Gudumu likakwana chikwi, mwini wake ankalandira mtedza. Wolephera ankadya gaga.

Kapuku anasowa mtendere. Apite uku, abwerere, akande khutu, alume waya. Mtedza ankaufuna, koma thukuta ayi.

"Achimwene," anatero Kapuku, Mayi atangotuluka, "gudumu langali likulira kwii-kwii. Inu odziwa zinthu, taliyesani."

Bwampini anakwera, n'kuthamanga mpaka masana. "Silikulira ayi."

"Ndiye kuti mwalikonza!"

Mtedza unagwera Kapuku.

Mawa lake anayamba ndi kupukusa mutu. "Zomwe ndamva zandiwawa. Mayi aja akuti gudumu langa ndi lolemera, inu simungalithe."

"Ndani? Ine?" Bwampini analipalasa mpaka waya kunjenjemera, lake lija lili duu pakona.

Patapita masabata, Bwampini anafunsa, "Kodi bwanji iwe ukudya mtedza, ine gaga?"

"Mtedza umafooketsa miyendo, achimwene. Ndikudya ine kuti inu mupulumuke."

Mkuluyo mpaka anathokoza, abale inu! Kapuku anaseka chamumtima, kamimba kakukulirakulira. Komabe tulo sankaona bwino. Chitseko chikangoti kwee, ankadzidzimuka poganiza kuti zaululika.

Tsiku loyeza mitima linafika. Mayi Nankhoma anagunditsa kachipangizo pachifuwa cha Bwampini. Mtima unkagunda mwaulemu, du, du, du, osapupuluma. Atagwira Kapuku anamva phaphapha, kupuma kuli wefuwefu, chonsecho kambewako kanangoyenda kuchoka pakona kufika pakhomo.

"Iii, zachilendotu izi," anatero Mayi, akuyang'ana pepala. "Katswiri wothamanga ndi uyu, koma mtima ngati wa nkhalamba. Uyu wosathamangayu ndiye wa mtima wabwino?"

Anamutembenuza Kapuku, n'kuona timapazi tosalala, topanda chikanga n'chimodzi chomwe. Anaona mapazi a Bwampini, ali zikanga zokhazokha. Anangotenga Kapuku n'kumuika pa lamba woyenda ndi magetsi, uja umati ukaima n'kukukokera kumbuyo, kenako anakoka mpando n'kukhala pompo, maso ali pa iye.

Kapuku anathamanga, lilime lili panja, mantha atamugwira zenizeni.

"Achimwene!" anakuwa. "Lambayu akulira kwii-kwii! Inu odziwa zinthu, tabwerani mudzamuyese!"

Bwampini, yemwe Mayi anali atamupatsa mtedza wodzaza dzanja, anayamba wameza kaye.

"Ndikumumva ndili konkuno, mng'ono wanga," anatero. "Wolirayo si lamba ayi."