Zikhomo za Kanjerwa

Kale kwambiri, makolo athu asanalidziwe dambo la Msungudzi kumene tikukhala leroli, ankakhala kuseri kwa mapiri a kumadzulo, pamalo otchedwa Chinkhwiri. Akuluakulu amene ndinawafunsa, makamaka a Yesaya Mbewe omwe ankakonza njinga pamsika wa Nthutwe, anandiuza kuti kumeneko nthaka inaguga, zitsime zinaphwa, ndipo anthu anapangana zosamukira kum'mawa. Wowatsogolera anali Kanjerwa wa kwa Chisale, mwana wa Nsalika, mdzukulu wa Kumbikano. Nsalikayo anabereka ana awiri okha: Kanjerwa ndi mlongo wake, amene aliyense ankangomuitana kuti Nachisale.

Ana awiriwa anasiyana ngati sanayamwe bere limodzi. Kanjerwa anali wamanzere, wamiyendo italiitali, munthu wosadziwa kudikira. Ankadya choimirira, ndipo ukamupatsa moni ankayankha ali kale patsogolo uko. Nachisale ndiye sankapitirira munthu osamufunsa za ana, za mbuzi, za chifuwa cha apongozi ake, mpaka za nkhuku yofungatira mazira. Akapita kumadzi m'mawa ankabwerako dzuwa lili paliwombo. Ankakangana tsiku ndi tsiku, koma wina akangonena mmodzi wa iwo, woyamba kupsa mtima ankakhala mnzakeyo.

Masiku amenewo apaulendo anali ndi mwambo wotseka njira. Wotsogolera akafika pamphambano ankathyola nthambi yamasamba n'kuigoneka panjira yosayenera kudzera, kuti otsalira m'mbuyo akaiona adziwe kuti anzawo sanalowere kumeneko. Ntchito imeneyi inali ya Kanjerwa.

Ulendowo unali wowawa. Anadutsa m'thengo la minga momwe munalibe ngakhale utsi wa mudzi, kamba anawathera, zidendene zinang'ambika, ndipo ana ankagona m'mapewa mwa akulu akuyenda. Atafika pamudzi wa oumba mbiya wotchedwa Mwaumba, Nachisale, yemwe anali ndi pakati, anachira mwana wamkazi. Anamutcha Chanjira popeza anabadwira paulendo. Koma kuberekako kunamusiya Nachisale ndi mwendo wofooka moti sankatha kuima, pamene gulu silikanatha kudikira chifukwa mvula inali pafupi ndipo anthu anafunika kukaswa mphanje isanagwe.

Apa Kanjerwa anathedwa nzeru. Kwathu kuno mbumba ya mwamuna ndi mlongo wake pamodzi ndi ana a mlongoyo, ndipo wodzalowa dzina lake amachokera mmenemo. Kusiya Nachisale kunali kusiya mbumba yake yonse, chifukwa wina panalibe. Masamba otsekera njira anadziwa kuti adzauma n'kuuluzika mlongo wake asanaponde pansi. Choncho anakwera mumtengo wa kachere umene unali pabwalo la Mwaumba, nadula mtolo waukulu wa zikhomo, naukulunga m'makungwa onyowa.

"Nachisale," anatero Kanjerwa, "mukachira munditsatire. Njira iliyonse yolakwika ndiikhoma chikhomo cha kachere pakati penipeni. Pamene pali chikhomo musadzerepo."

"Pitani, a Chisale, ndikuona mapazi akukuyabwani kale," anayankha mlongo wakeyo. "Tikakolola ndibwera."

Anakolola, nakololanso, nakololanso. Poyamba mwendo unachedwa kupola. Kenako mwamuna wake amene anatsala naye anamwalira, ndipo pambuyo pake kunadza zaka za nkhondo pamene munthu sankayenda kutali. Komanso tisabise, Nachisale anali atapeza anthu ocheza nawo. Chanjira anakula, anavinidwa, ndipo mnyamata wina wa pamudzipo anamufunsira. Akwawo a mnyamatayo atabwera anafunsa funso limene limafunsidwa paukwati uliwonse, lakuti nkhoswe ya mwanayu ndani. Mawuwo anamulasa Nachisale mumtima.

"Mwana wanga si wotola kuthengo," anatero. "Ali ndi mtsibweni wake, ndipo ukwati sumangidwa iyeyo asanamve."

M'mawa mwake ananyamuka ndi Chanjira, mnyamata uja atasenza akatundu pambuyo. Pamphambano yoyamba anafunafuna chikhomo koma sanachione. Panali mtengo waukulu wamthunzi utaima pakati pa njira imodzi, ndipo iwo atapuma patsinde pake anaulambalala n'kupitirira ndi njira yomweyo. Njirayo inakawataya m'chigwa cha miyala mopanda madzi, momwe anazungulira mpaka milomo inauma, nabwerera ndi mapazi otupa kudzagwa pansi pa mtengo womwe uja.

Ali chigonere chagada, Nachisale anauyang'anitsitsa mtengowo. Unali kachere, pamene thengo lonselo linali la misuku ndi mitondo, ndipo unali wopendekekera kumanzere. Akuti anaseka mpaka misozi, ana aja n'kumaganiza kuti ludzu lamusokoneza mutu.

"Chanjira, dzuka uone ntchito ya atsibweni ako! Munthu uja ngakhale nsichi ya nyumba sanaizikepo mowongoka. Ife tikufuna zikhomo, ngati zaka zonsezi zinkatidikira osamera."

Zikhomo zonse za Kanjerwa zinali zitaphuka. Njovu sizinkazizula, ndipo lupsa likafika pafupi linkagawikana n'kudutsa uku ndi uku osawaula tsamba ndi limodzi lomwe. Kuyambira pamenepo atatuwo sanasocherenso, chifukwa pamphambano iliyonse ankapeza kachere wopendekeka atatseka njira yolakwika, ndipo ankapuma pamthunzi pake asanalowere njira inayo.

Anafika ku Nthutwe, mudzi wa osula makasu, kumene okalamba anakumbukira munthu wamtali yemwe anadutsa kalekale atasenza mtolo, nasiya thobwa m'chipanda osalimaliza. Anafika kwa otcheza mchere, kumene anawadyetsa n'kuwathowa mapazi ndi madzi otentha. Anawoloka mtsinje wa Nkhwidzi atagwirana manja, madzi akulekeza m'chifuwa. Paliponse Nachisale ankapereka moni wake wautali uja, koma tsopano ankamalizira ndi funso limodzi: kodi munthu ameneyo akali moyo? Palibe amene ankadziwa. Chanjira anasimba pambuyo pake kuti m'masiku otsiriza amayi ake anayamba kufupikitsa moni, ndipo imeneyo inali nthawi yokhayo imene anawaona akuchita mantha.

Ku Msungudzi nako zinthu zinali zitayenda. Kanjerwa anagawira anthu malo, mudzi unakhazikika, iye anakwatira nabereka ana, koma anawo anali a mbumba ya kwa amayi awo. Atayamba kukalamba anthu anamuuza kuti asankhe wina wodzalowa dzina, poti mlongo wake mwina anamwalira kalekale. Iye anakana. Panalinso chinthu china chimene chinkamudya mumtima: zikhomo zija zinamuthera patatsala mphambano imodzi, ya pafupi ndi mudzi, pamene njira ina imalowera ku dambo ndipo ina imatsikira ku chipululu. Chinamutsalira chinali chimodzi chokha, chimene chinali chitauma poti ankachiyendera ngati ndodo.

Anthu anamuuza kuti azikepo mtengo wina uliwonse, koma iye anati Nachisale anauzidwa za kachere, ndipo munthu ameneyo akaona mtengo wachilendo adzaupatsa moni n'kuupitirira. Motero chilimwe chilichonse, nyengo imene anthu amayenda maulendo, Kanjerwa ankapita kukakhala pamwala pakati pa njira ya kuchipululu ija kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ana a m'mudzi ankamva kuti gogo ameneyu pa unyamata wake sankakhala pansi, koma sankakhulupirira. Maso ake anachita khungu, komabe akamva mapazi ankatukula ndodo n'kunena mawu omwewo kwa aliyense.

Tsiku lina masana atatu aja anafika pamphambanopo. Kachere panalibe, ndipo Nachisale anataya mtima, poganiza kuti apa ndi pamene mlongo wake anathera. Kenako anaona nkhalamba yaimvi itakhala pamwala, ndodo ili kudzanja lamanzere.

"Njira iyi njotseka, alendo," inatero nkhalambayo. "Dzerani iyo."

Nachisale anatula mtanga wake pang'onopang'ono, nagwada pafupi ndi mwalawo.

"Mwayamba liti kudikira anthu, a Chisale?"

Nkhalamba ija inatambasula dzanja n'kupapasa nkhope ya Nachisale.

"Mwachedwa, Nachisale."

"Ndimapereka moni m'njiramu," anayankha iye, ndipo onse awiri analira mosabisa, pamaso pa ana.

Atamva kuti mwana wa mlongo wake ali pomwepo, Kanjerwa anaimirira, nagwira phewa la Chanjira kuti amutsogolere kumudzi. Ndodo ija anaipereka kwa Nachisale, nati mphambano isatsale yotsegula. Nachisale anaizika pambali pa mwalawo, pakati pa njira ya kuchipululu, ndipo ndodo youma imene inayenda m'manja mwa munthu zaka zonsezo inapezeka itatulutsa masamba kutacha.

Kanjerwa anaimira ukwati wa Chanjira monga nkhoswe, ndipo anamwalira dzinja lotsatira mlongo wake ali pambali pake akumusimbira za anthu onse a ku Mwaumba mmodzimmodzi. Chanjira anabereka Kanjerwa wachiwiri amene analowa dzina, ndi mwana wamkazi Nsalika, yemwe ndi kholo la amayi anga.

Njirayo ikalipo. Mwaumba ndi Nthutwe tsopano ndi timisika ta magolosale ndi zigayo, ndipo masiku ano kumabwera anthu a m'tauni ndi akunja omwe, atabereka zikwama zikuluzikulu kumsana, kudzayenda wapansi kuchokera ku Mwaumba kufika kuno, eti pongofuna kusangalala. Nanenso ndinaiyendapo, ndipo mawondo anga sanandikhululukire mpaka lero. Alendowo amafunsa chifukwa chake mitengo ya kachere ya m'njirayi inamera pakati pa njira, yonse yopendekekera kumanzere, ndipo owaperekeza amangowauza kuti pamene pali kachere asadzerepo. Koma mukadzafika pamphambano yotsiriza, dambo la Msungudzi likuonekera kumunsi, mudzayang'ane bwino. Mwala uja uli pomwepo, wosalala pamwamba chifukwa chokhalidwa, ndipo kachere wa pambali pake ndiye yekha wowongoka pa njira yonseyo, chifukwa anamuzika ndi Nachisale.