Mayi Njiwa ndi Kamtumiki Kaulemu ka M'foni

Padangotero, ana inu. Yankhanitu, kapena dzuwali lakufooketsani? Eya, tili tonse.

Kalekale, koma osati kale kwenikweni poti mafoni anali atafika kale kuthengo, kunali Mayi Njiwa. Kuseri kwa nyumba yawo kunali nazale ya tomato, mbande zoti zikadzaze dimba lonse, chakudya cha ana awo chaka chimenecho. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mpopi wawo unangoti gwa, kuuma.

Anaimba foni ku ofesi ya madzi, kwa a Ng'ona. Komatu a Ng'ona anali atasiya kale kuyankha okha, anaikapo makina.

"Ngati mpopi wauma, dinani wani. Ngati paipi yaphulika, dinani thuu. Dikirani pang'ono, musadule."

Anadina wani, kanyimbo, foni n'kuduka. Mawa lake, wani, kanyimbo, n'kuduka. Mkuja chimodzimodzi. Anatopa mayi aja, kutopa kofika m'mafupa.

Tsiku lachinayi mnansi wawo, Bakha, anasuzumira pampanda.

"Anzanga, mukudzizunziranji? Masiku ano kuli kamtumiki ka m'foni, ka nzeru zochita kupanga. Kamaimba kokha, kudina kokha, kudikira kokha mpaka a Ng'ona enieniwo ayankhe. Inu mungokauza zokanena. Ine kanga ndakauza kuti kakakuwe: ana a Bakha akufa ndi ludzu!"

"Iii, ine ayi," anatero Mayi Njiwa. "Kwathu sitinaleredwe choncho. Kukuwa ngati uli pamsika?"

Kamtumikiko anakaika m'foni ndithu, n'kuyamba kukalangiza ngati namwali.

"Ukawapeza, uyambe wapereka moni. Ufunse za mayi kunyumba, ufunse za ana. Akafunsa za kuno, unene kuti tilipo bwino. Za madzizo ukatchule kumapeto, ngati wangokumbukira. Ndi akuluakulu aja, sathamangitsidwa."

"Mayi, ndisanene kuti mbande zikufa?" kanafunsa. "Kumeneko amayambira amene zawavuta kwambiri."

"Wamva zimene ndanena."

Kanaimba. Kanadina wani, kanamvera kanyimbo. Foni ikaduka, kankaimbanso. Ikaduka, kankaimbanso, poti iko kalibe mafupa otopa. Dzuwa lili paliwombo, a Ng'ona anayankha.

"Kuli bwanji kumeneko?"

"Tilipo bwino, bwana. Kaya mayi kunyumba? Nanga ana? Zikomo. Kungoti timadzi tavutako pang'ono, mukadzapeza mpata."

"Ha! Ulemu wotere unasowa masiku ano," anatero a Ng'ona, mtima uli mbee. Basi n'kuwalemba Mayi Njiwa kumunsi kwenikweni kwa mndandanda.

Kutacha, okonza mipopi anafika kwa Bakha. Anadutsa pakhomo penipeni pa Mayi Njiwa, masipanala ali m'manja. Mayi aja anawapatsa moni mwaulemu, osatchula kanthu. Bakha, akusamba mosasamala, anafuula:

"Anzanga, mbande zija zili bwanji? Ndikutungireni ndowa?"

"Zilipo bwino, musavutike."

Kunena zoona ana inu, ine pamenepa mayi amenewa amandikwiyitsa, komanso amandimvetsa chisoni.

Madzi anabwera patatha masabata atatu. Mayi Njiwa anathamangira kunazale ndi ndowa yodzaza. Anagwira mbande imodzi, inangofumbutuka m'dzanja ngati fodya wouma. Anagwira ina, chimodzimodzi. Ana awo anaima pambali, kuwayang'ana. Mayi aja anatula ndowa ija n'kukhala pansi pafumbi, mpopi ukungotayika, mphamvu yokatseka analibe.

Yathera pamenepo, ana inu: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mtumiki, ngakhale wanzeru chotani, sangakulirire ululu umene wamuuza kuti abise.