Magalasi Otsala M'chikwama

M'kashopu ka mayi wina wosoka zovala, kuseri kwa siteji ya mabasi, munali makina awiri osokera, koma olira tsiku lonse anali amodzi. Enawo anasanduka desiki ya mwana wake woyamba, mtsikana amene aliyense ankangomuitana kuti Chisamba. Akaweruka kusukulu ankaika thabwa pamwamba pa makinawo n'kuyalapo mabuku. Mayi ake akalephera kulowetsa ulusi m'singano ankangotambasula dzanja, iye n'kuulowetsa kamodzin'kamodzi, n'kubwerera ku masamu ake.

Ndiye ndani akanaganiza kuti mwana wotere ali ndi vuto la maso? Zapafupi ankaona bwinobwino, koma chilichonse chopitirira khomo la shopuyo chinali chimbuuzi chokhachokha. Amene anavumbula nkhaniyi ndi malume ake, dalaivala wa basi, amene tsiku lina analowa atakwiya.

"Achemwali, mwana wanuyu sukulu yamupatsa matama eti? Ndamukodola, ndamuimbira hutala, iye kungondidutsa ngati ndine mtengo wa magetsi!"

"Sindinakuoneni, amalume," anatero Chisamba.

"Chibasi chonse chija?"

"Basi ndinaiona. Inuyo ayi."

Mayi ake anaimitsa makina. M'mawa mwake anatseka shopu n'kupita naye kuchipatala cha maso, ndipo anabwerako ndi magalasi okhuthala ngati matako a botolo. Panjira Chisamba anaima n'kuyang'ana m'mwamba, kukamwa kuli yasa. "Amayi, kani masamba a mtengo amaoneka lililonse palokha?" Mayi uja anaseka, koma mtima unamupweteka kuti zaka zonsezi mwana wake ankayenda mu utsi iye osadziwa.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Atangolowa nawo m'kalasi, mtsikana wina wapakamwa pakuthwa anakuwa kuti, "Taonani, kwatera kadzidzi!" Kalasi yonse inafa nalo phwete. Koma abale, ana asukulu! Iwo pofika mawa lake anali atapeza kale wina womuseka, koma mwa Chisamba mawu aja anakhazikika. Kuyambira pamenepo ankachoka pakhomo atavala magalasi, akakhota pakona n'kuwaponya m'chikwama. M'kalasi ankalimbirana desiki yakutsogolo, ndipo zimene maso alephera ankazitola ndi makutu. Mphunzitsi wake wa masamu atamufunsa za magalasi aja, iye anati amamupweteketsa mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mutu wokha mwanayu anali nawo, zimenezo panalibe wotsutsa. N'chifukwa chake atafika chaka chomaliza cha sekondale, mphunzitsi uja anabwera yekha kushopu kudzalankhula ndi mayi ake za yunivesite ija imene mwana aliyense wanzeru amailota. Ofuna malo kumeneko ndi miyandamiyanda, olowa ndi owerengeka, ndipo mayeso ake olowera munthu salemba kawiri.

"Mayi, sindikukulonjezani kanthu," anatero mphunzitsiyo. "Kumeneko amabweza ngakhale ana amene sanalawepo kulephera. Koma ngati pali mwana wanga amene angadutse pakhomo lopapatiza lija, ndi ameneyu."

Tsiku la mayeso mayi ake anamuperekeza mpaka pageti, namupukutira magalasi ndi nsonga ya bulauzi yawo. Pakhomo la holo panali lamulo loti zikwama zonse zitsale panja. Chisamba ali pamzere, magalasi ali kumaso, anaona bwinobwino mtsikana wapakamwa uja ali patsogolo ndi anzake. Anadziuza kuti pepala la mayeso limakhala pafupi, nanga bolodi ndi lachiyani pa tsiku ngati limeneli? Anavula magalasi, nawalowetsa m'chikwama, chikwamacho n'kuchisiya pamulu wa zinzake. M'katimo munthu sankasankha pokhala. Nambala yake inamugwetsera kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma.

Mafunso oyambirira anawadya ngati nthochi. Kenaka woyang'anira mayeso anagogoda tebulo.

"Imani kaye. Funso lomaliza, lija la malikisi ambiri, linasindikizidwa molakwika. Ndalemba lolondola pabolodi, mukopere."

Chisamba anadzutsa mutu. Anafinya maso, anatukula khosi, koma pabolodi ankangoona timizere toyera tosokonekera.

"Alipo amene sakuona?" anafunsa woyang'anirayo.

Ha! Apa ndi pamene ine zimandiwawa. Mnyamata wina cha kumanzere anakweza mkono n'kunena mosaopa kuti, "Ine sindikuona, bwana." Woyang'anira anamulembera funsolo pa kapepala n'kumupatsa. Panalibe anaseka. Panalibe ngakhale anacheuka, aliyense anali ndi moto wake. Chisamba anamva zonsezi ndi makutu ake, komabe mkono unamulemera ngati mtondo. Ankangoganiza kuti akayankhula, mtsikana uja azindikira mawu ake, atembenuka, ndipo dzina la kadzidzi lidzuka m'holo yodzaza ndi alendo. Anati adikire pang'ono, akweza mkono woyang'anira akamadutsa. Woyang'anira anadutsa, iye n'kuweramitsa mutu.

Ndiye anayamba kulimbana ndi funso lolakwika lija, poganiza kuti ndi nzeru zake alitulukira pamene lapindika. Anawerengera uku, anafufuta, anayambiranso. Funso lopanda yankho silimva kuti munthu ndi wanzeru. Belu linalira iye asanapeze kanthu, ndipo nthawi yobwereza mafunso ena aja inali itapita. Kunyumba atamufunsa anangoti, "Zayenda."

Zotsatira zitatuluka, mphunzitsi uja anafikanso kushopu, koma ulendo uno anakana mpando.

"Watsala pang'ono, mayi. Pang'ono penipeni. Akanangopeza theka la funso lomaliza, bwenzi tikuvina." Anatembenukira kwa Chisamba. "Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti funso limene lija tinalichitapo m'kalasi, ndipo unaliyankha ndiwe pabolodi. Chinachitika n'chiyani?"

Chisamba anafotokoza zonse, maso ali pansi. Mphunzitsi anagwira chipumi, nanena motsitsa kuti nayenso analakwa pokhulupirira nkhani ya mutu ija osafufuza. Mayi ake sanakalipe, ngakhale mwina kukalipa kukanapepukirako.

"Mwana wanga, sunaone, chabwino, maso si iwe unawalenga. Koma pakamwa unali napo. Mkono unali nawo."

"Ndinachita manyazi, amayi."

"Manyazi ndi ndani?"

Chisamba anatchula mtsikana uja. Mphunzitsi anapukusa mutu mwachisoni.

"Ameneyo? Ameneyotu wadutsa. Dzulo lomweli amandifunsa ngati nawe wapeza malo, ati akufuna mudzagone chipinda chimodzi kuti uzidzamuthandiza masamu."

Apo Chisamba anagwetsa nkhope pathabwa lake n'kulira mokweza ngati kamwana, mayi ake atamukumbatira, nawonso misozi ili mbwembwembwe. Sukulu zina zilipo, ndipo mwana wamutu wotere sangasowe kolowera, koma khomo limene ankalifuna lija linatsekeka, ndipo sanalitseke ndi umbuli kapena ulesi. Ine sindimuweruza, poti ndani mwa ife sanamezepo mawu pamene anafunika kuwatulutsa? Koma akuluakulu sananame pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.