Paipi Yotuluka Thukuta

Kunali mmisiri wina kuchigwa cha Shire, kumene dzuwa la Okutobala silidziwa chibale. Ntchito yake inali yokuta mapaipi. Sindikunena a madzi ayi, koma akuluakulu a malata aja amayenda m'denga, pamwamba pa siling'i, kunyamula mphepo yozizira kuchoka ku makina kupita m'zipinda. Paipi yotere amaifunditsa chinthu chonga thonje, n'kumata ndi tepi, kuti kutentha kwa m'denga kusaikhudze. Thonje lakelo limayabwa ngati chitedze.

Anamuitana kukagwira ntchito pa kachipatala kena, m'chipinda chatsopano chosungira mankhwala. Anagwira masiku anayi, ndipo anagwira bwino, tisamunamizire. Koma pakona, pamene denga limatsika kukakumana ndi khoma, panatsala kachigawo kotalika ngati mkono wa munthu. Kuti afikepo ankayenera kukwawa chafufumimba, malata akumuwotcha msana, thonje likumulowa m'khosi. Anayang'ana kakonako. Anayang'ana wotchi. Mumtima anati, "Ndani adzakwere kuno kudzaona?"

Anatsika. Siling'i anatseka, penti anapaka, makina anayatsa. Chipinda chinazizira bwinobwino. Akuluakulu anamugwira chanza n'kumuuza kuti akamamanga chipinda china adzaitana iye yemweyo.

Mawa lake masana anali padepoti, atakhala kale m'minibasi, kudikira kuti idzaze. Anagula botolo la chakumwa chozizira. Asanamwe n'komwe, anaona botolo lija likutuluka thukuta, madontho akutsetsereka n'kumunyowetsa buluku. Iye ankadziwa bwino chimene chikuchitika. Chinthu chozizira chikakhala pamtetete pamalo otentha, chimaitana madzi. Anakumbukira kakona kaja. Paipi ija yakhala ikuzizira kuyambira dzulo, ndipo pansi pa kona ija ndi pamene anakhoma mashelefu.

Tsono taonani pamene anaima munthuyu. Akapitirira ulendo, palibe angamutsate lero. Madzi adzadontha pang'onopang'ono, mankhwala adzaonongeka, mayi wina adzabwerera, mwana wodwala ali kumsana, atauzidwa kuti palibe. Akabwerera, ayenera kutsegula pakamwa pake yekha n'kunena kuti, ine amene munanditama dzulo ndinaba ntchito. Dzina la mmisiri ndiye munda wake. Ndani amafuna kulitentha yekha?

Minibasi inadzaza. Dalaivala analiza injini. Mmisiri uja anati, "Tanditsitsani."

Kondakitala anamuyang'ana. "Akulu, mwaiwala chiyani?"

"Ndaiwala ntchito."

Atafika, anapeza mayi woyang'anira mankhwala akulozera anthu poika makatoni. Anali atayamba kumene kulowetsa. Mmisiri anavula chipewa. "Mayi, pepani, imitsani kaye. Pakona apo sindinakutepo. Ndinachita ulesi, ndipo sindinauze munthu."

Mayi uja anayang'ana pakonapo. Kenaka anaitanitsa makwerero. Mmisiri atangokankha bolodi la siling'i, chala chinalowa ngati mu papaya wakupsa, madzi n'kukhuthukira pashelefu. Shelefuyo inali yopanda kanthu. Makatoni oyenera kukhala pamenepo, a mankhwala a ana, anali akadali pakhomo.

Iye anadikira kukalipiridwa, ndipo kunena zoona kunali komuyenera. Koma mayi uja anangopumira m'mwamba. "Bambo, bola mwabwera lero. Kwerani mukakute."

Anakwera. Anakwawa. Malata anamuwotcha, thonje linamuyabwa mpaka m'makutu. Koma anthu amene anali pansi amati ankamumva akuimba m'dengamo. Atatsika anali wakuda bii ndi fumbi, thupi lonse zidzolo, koma mtima uli mbee, wopepuka kuposa tsiku limene anamutama.

Abale ndi alongo, ine ndimamukonda munthu ameneyu, osati chifukwa sanalakwe, koma chifukwa anatsika minibasi. Ambirife tili ndi kakona kathu. Penti tinapaka, Lamulungu timawala, anthu amatigwira chanza. Koma m'denga muli pamene tinalumpha: bodza lija, mawu aja tinalasa nawo m'bale wathu, chija tinatenga tili tokha. Ndipo musadzinamize kuti chikadzadontha chidzadonthera inu nokha. Chimadonthera ana anu, banja lanu, anthu osalakwa amene aika zawo pansi panu.

Mukuopa kuti mukaulula, Mulungu akukudikirani ndi chikoti. Ayi. Amene akukuopsezaniyo ndi Satana, kuti mukhalebe pampando mpaka galimoto inyamuke. Mulungu wagwirizira makwerero, akudikira inu. Manyazi ake ndi a tsiku limodzi, kuyabwa kwake kumatha ndi madzi osamba, koma mpumulo wa munthu amene walapa sungaufotokoze. Tsikani lero, mubwerere. Mudzamva Atate akunena kuti, mwana wanga, wachita bwino kubwera.