Mnyanga M'bokosi la Masipanala

Ku Winterveld, kufupi ndi mzinda wa Pretoria, kumene fumbi limalowa ngakhale m'poto wovundikira, kunkakhala Abambo Yobu Chimbalanga ndi akazi awo, Amayi Falesi. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma unyamata wawo wonse unathera ku Joni. Abambo Yobu anali dalaivala wa chilole chonyamula alendo okaona nyama zakutchire. Kampani imene ankagwirako inali mumzinda wa Pretoria, ndipo ntchito yawo inali kunyamula azungu ochokera kutsidya kwa nyanja, kudutsa nawo m'dziko la Botswana mpaka ku mathithi a mtsinje wa Zambezi, kenaka n'kuwabweza ali amphumphu. Imvi zinawamerera ali pachiwongolero, ndipo pa zaka zonsezo palibe anawalozapo chala.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachipinda kamalata momwe munkakhala mwana wawo Kingsley ndi mkazi wake Dyna, amene panthawiyo anali ndi pakati. Kingsley ankatchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa m'nyumba za ku Garsfontein. Sanali waulesi, sanalinso wakuba. Nthenda yake inali ya khutu. Ukamamulangiza ankagwedeza mutu ngati gulo, koma mumtima atatseka kale chitseko. Chinkamudya moyo china ndi anzake a pa siteshoni ya Mabopane, pamene ankadikirira tekisi. "Bambo ako amadzuka ndi mikango," ankamuseka, "koma iwe nyama imene umaidziwa ndi galu wa madamu basi."

Lamulungu lina masana, atabwerako kutchalitchi, Abambo Yobu, ali pakhonde akupukuta nsapato zawo zantchito, anamuitana Kingsley.

"Wothandiza khukhi wathu wasiya ntchito," anatero. "Ndakulankhulira kwa bwana, ndipo avomera kuti upite nafe ulendo uno. Ndapereka khosi langa pamenepo, wamva?"

Kingsley anadzambatuka ndi chimwemwe n'kuyamba kuitana Dyna.

"Khala pansi, sindinathe. Kumene tikupitako n'kwa eni, ndipo eni akewo nyama zawo sachita nazo masewera. Chilichonse chimene ukachione pansi, kaya fupa, kaya dzino, kaya nthenga, ukachisiye pomwepo. Kutchire amatola ndi maso okha."

"Eish, Abambo, ine ndine mwana ngati? Ndamva."

Amayi Falesi, amene ankasankha nyemba pambali, anamuyang'ana mwana wawoyo kwa kanthawi, kenaka anabwerera ku nyemba zawo.

Ananyamuka m'mawa, chilole chitadzaza ndi alendo, matenti, mipando yopinda ndi mapoto. Khukhi anali Shafi, bambo wa ku Mangochi wosachulutsa zolankhula. Ntchito ya Kingsley inali kusenda mbatata, kutsuka mbale ndi kuthandiza alendo kukhoma matenti, ndipo ankaigwira mosanyinyirika. Atadutsa tauni ya Nata msewu unawongoka ngati chingwe, ndipo kumeneko ndiko maso ake anatseguka. Njovu zinkadutsa paphula ngati ng'ombe zochokera kudambo, osalabadira kuti kukubwera galimoto. Akadyansonga ankasuzumira pamwamba pa mitengo. Azungu ankajambula mpaka mafoni kutentha, pamene Kingsley anangoti kukamwa yasa pawindo.

Tsiku limenelo anaima m'mbali mwa msewu kuti alendo adye chamasana. Kingsley analowa patchire pang'ono kukadzithandiza. Pafupi ndi chithaphwi chouma, pamene matope anang'ambikang'ambika ndi dzuwa, phazi lake linagunda chinthu cholimba. Anawerama n'kuchifukula. Chinali chidutswa cha mnyanga wa njovu, chotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja, chimene mwina chinathyoka njovu zikulimbana. Chinali cholemera, chosalala ngati sopo. Mawu a bambo ake anamubwerera, koma nkhope za anzake a ku Mabopane zinabwera ndi mphamvu yoposa. Anadziona kale atachitulutsa pakati pawo, onse atasowa chonena. Anachibisa m'jekete n'kubwerera kuchilole akuimba mluzu.

Atafika pamalo ogona ku Kasane, dzuwa likadali m'mwamba, Shafi anatsegula bokosi la mapoto n'kupeza chidutswa chija chitakulungidwa m'kansalu kopukutira mbale. Anabwerera m'mbuyo ngati waponda mphiri.

"Achimwene, ichi mwachitenga kuti?"

"Ndatola," anayankha Kingsley. "Chotola si chakuba. Ine sindinaphe njovu."

"Galu wa asilikali safunsa kuti watola kapena wapha, amangonunkhiza basi. Kunotu anthu amaolera m'ndende chifukwa cha kachidutswa kochepa kuposa aka. Kachitayeni kumene kulibe munthu, apo ayi ndikuwauza Abambo anu pompano."

"Shapu, shapu, ndamva, musakweze mawu. Ndikataya."

Anachitenga n'kuzungulira kuseri kwa chilole. Mtsinje wa Chobe unali poteropo, moti akanangotambasula mkono nkhani ikanathera m'madzi. Koma dzanja linakana kufumbatuka. Pansi pa chitseko cha dalaivala panali bokosi lachitsulo la masipanala a bambo ake, limene linkatsegulidwa pokhapokha galimoto ikavuta. Kingsley anadziuza kuti nkhalamba yodziwika m'misewu yonseyi palibe angaivutitse ndi chipikisheni. Anavula sikipa yake yofiira, anakulungamo mnyangawo, n'kuukankhira pansi pa jeke. Shafi atamufunsa, anayankha mosaphethira: "Zatha zimenezo, uli pansi pa mtsinje."

Ulendo unapitirira mokoma. Alendo anakwera boti n'kuona mvuu zikuyasamula ndi ng'ona zikuothera dzuwa pamchenga. Anawoloka malire kukaona mathithi, ananyowa ndi nthunzi yake, n'kubwerako, ndipo palibe anakhudza bokosi lija. Mantha amene Kingsley anali nawo poyamba anasungunuka ngati mchere m'ndiwo, mpaka anayamba kudziyesa wochenjera.

Ali m'njira yobwerera ku Joni, m'mawa wina kutawala bwino, alendo akuimba nyimbo zakwawo, anapeza migolo itatseka msewu. Panali apolisi ndi asilikali oteteza nyama, ndipo mmodzi mwa iwo anagwira galu wakuda pachingwe. Abambo Yobu anatsika akumwetulira n'kuwapatsa moni m'Chitswana monga ankachitira nthawi zonse. Alendo anatsitsa zikwama zawo n'kuzindanditsa pansi. Galu ananunkhiza chimodzichimodzi osaima. Pa bokosi la mapoto anazengereza pang'ono, kenaka n'kupitirira. Atafika pansi pa chitseko cha dalaivala anakhala pansi, maso ali tong'o pa bokosi la masipanala, ndipo anakana kusuntha.

"Bokosi ili ndi la yani?" anafunsa msilikali.

"Ndi langa," anatero Abambo Yobu. "Muli zitsulo zokhazokha. Dikirani ndikutsegulireni."

Analitsegula ndi manja awo. Msilikali anatulutsa masipanala, anatulutsa jeke, kenaka anatulutsa chokulunga chofiira. Atachifunyulula, mnyanga unagwera paphula kuti go! Mayi wina wachizungu anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Shafi anakhala pansi pafumbi atagwira mutu. Abambo Yobu anauyang'ana mnyangawo ngati munthu amene wapeza njoka pamphasa yake yomwe. Kenaka maso awo anapita pa sikipa ija. Anaidziwa, poti ankaiona pachingwe choyanikira zovala pakhomo pawo. Anatukula nkhope pang'onopang'ono mpaka maso awo anakumana ndi a mwana wawo.

Kingsley anaponya phazi kutsogolo. "Abambo, ine..."

"Tseka pakamwa," anatero Abambo Yobu m'Chichewa, ndi mawu ozizira ngati akumutuma madzi akumwa. "Mkazi wako ali ndi pakati. Ukalankhula apa atitenga tonse awiri, iwe wotola ine wonyamula, ndipo pakhomo patsala akazi okhaokha. Bwerera pamene unaima."

"Akuti chiyani ameneyu?" anafunsa msilikali.

"Ndi wotsuka mbale, wachita mantha," anayankha Abambo Yobu m'Chingerezi. "Bokosili ndi langa, palibe wina amaligwira."

Unyolo unalira pa manja awo. Kingsley anabwerera pamene anali ataima. Ena mwa alendo aja, amene dzulo lake lomwelo ankamwa nawo tiyi n'kumawatcha Papa, anatulutsa mafoni n'kuyamba kuwajambula monga ankajambulira njovu. Abambo Yobu anakwera galimoto ya apolisi osacheuka.

Chilole chinakhala padzuwa mpaka kampani inapeza dalaivala wina woti achibweze ku Pretoria. Njira yonse Shafi sanamulankhule Kingsley, kupatula kamodzi kokha, akupakira mapoto. "Ndikanawauza tsiku lomwe lija," anatero, maso ali pansi. "Ndinakukhulupirirani ngati munthu."

Kingsley anafika ku Winterveld masana, n'kupeza Amayi Falesi akuyanika zovala. Uthenga unali utawapeza kale pa foni kuchokera ku kampani, ndipo maso awo anali otupa. Atangomuona anamuthamangira n'kumugwira malaya.

"Akuwanamizira! Bambo ako sangatole ngakhale singano ya munthu. Alipo anawaikira chinthu chimenecho. Iwe unali komweko, tandiuza, mfiti imeneyo ndani?"

Dyna anatuluka m'kachipinda kaja n'kuima pakhomo. Kingsley anaika chikwama pansi. Anagwada pafumbi.

"Amayi, ndine."

Chitenje chonyowa chimene chinali paphewa pa Amayi Falesi chinatsetsereka n'kugwera m'dothi. Sanakuwe, sanalire. Anangomuyang'ana ngati mlendo amene wasochera pakhomo pawo.

"Bwereza."

"Ndine ndinatola. Ndine ndinabisa m'bokosi mwawo. Iwo sankadziwa chilichonse."



"Ndiye unaima n'kumaonerera akuwamanga?" anafunsa Amayi Falesi.

"Ndinafuna kulankhula, Amayi. Anandiletsa."

"Anakuletsa," anatero mayiwo, mawu akutuluka ngati akuwakoka ndi chingwe. "Tsiku limenelo lokha ndiye unadziwa kumvera."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo zovala zotsala zinauma zili m'beseni.

Mlandu sunachedwe, poti woimbidwa mlanduyo anavomera yekha. Khoti linalamula kuti Abambo Yobu akaseweze kundende m'dziko la eni. Kampani inawafufuta pantchito, ndipo Kingsley sanaitanidwenso. M'Winterveld nkhani inayenda ngati moto wa m'chilimwe. Ena ankati nkhalambayo yakhala ikuzembetsa minyanga kuyambira kale, n'chifukwa chake inali yofatsa chotero. Azimayi amene ankakhala benchi imodzi ndi Amayi Falesi kutchalitchi anayamba kusendera kumapeto. Mayiwo ankamva zonsezi n'kuzimeza, chifukwa kuyeretsa dzina la amuna awo kunali kupereka mwana wawo.

Patapita miyezi, Amayi Falesi ndi Kingsley anakwera basi kukawaona. Munthu amene anatuluka kudzakumana nawo sanamuzindikire msanga. Mutu unali wometedwa mpala, masaya atalowa m'kati, ndipo ankatsokomola chifuwa chouma chosalekeza. Amayi Falesi anagwira pamtima n'kukhala pansi asanauzidwe.

"Abambo," anatero Kingsley misozi ili mbwembwembwe, "ndiloleni ndikanene zoona. Atulutse inu, alowetse ine."

"Ndiye ineyo ndavutikira chiyani muno?" anafunsa Abambo Yobu. "Ukuganiza kuti khoti ndi sitolo, yoti ukabweze katundu n'kutenga wina? Ukakanena, ine andionjezera mlandu wa bodza, iwe n'kulowa. Pukuta maso. Bwerera ukagwire ntchito, amayi akowa asagone ndi njala."

Anatsokomolanso kwa nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa akazi awo n'kuyamba kuwafunsa za denga lodontha ndi za mankhwala awo a miyendo, ngati munthu amene wangochoka pakhomo dzulo. Mwana wawo sanamuyang'anenso mpaka mlonda anagogoda pachitseko kuti nthawi yatha.

Potuluka, Amayi Falesi anatsogola okha kulowera kokwerera basi. Kingsley ankabwera m'mbuyo mwawo, thupi lonse lamphumphu, miyendo yomasuka, mphepo ya panja ikumuomba, pamene munthu amene dzanja lake silinatole kanthu anali kubwerera kuchitolokosi akutsokomola. Tikamachita liuma timaganiza kuti tikusewera ndi khosi lathu lokha, osadziwa kuti chingwe chimakakola amene anatibereka. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene ankati nkhuyu zodya mwana zidapota akulu.