Nikoni, Mlonda wa M'mtsuko wa Tirigu

Kalekale, ana inu, mbewu sizinkafumbwa ayi. Ku dziko la Agiriki mwini minda yonse anali Demeta, mulungu wamkazi amene pa fano lake ankamusema atafumbata ngala za tirigu. Munthu ukasunga tirigu mumtsuko, unkamupeza ali bwinobwino ngakhale papite zaka.

Kumeneko kunali mlimi wina dzina lake Nikoni. Koma abale, kukayikira kwake munthu ameneyo! Ukamupatsa moni, iye ankayamba wayang'ana m'manja mwako.

Chaka china atakolola, anadzaza mtsuko wake waukulu n'kulemba mzere ndi khala pamene tirigu analekezera. Patapita masiku anakasuzumira. Mzere uli pamwamba, tirigu ali pansi! Pomwepo anaitana mkazi wake.

"Melita! Tirigu wangayu ukupatsa ndani?"

"Palibe, bambo. Tirigu watsopano akamauma amatsika yekha. Chaka chilichonse amatero."

"Nanga mlongo wako uja akunenepa ndi chiyani? Mphepo?"

Melita anagwetsa misozi, poti ankamukonda mwamuna wakeyo ngakhale anali wovuta chonchi. Koma kwa Nikoni misoziyo inali umboni. Anati, "Tiriguyu akatsikanso, ulongedze, uzipita kwanu."

Anatuluka mwaukali n'kukagwada pa fano la Demeta kudandaula. Fano lija linayankha modekha: "Mkazi wako sanabe kanthu. Pita ukamupepese."

Munthu wanzeru akanathokoza n'kunyamuka. Koma Nikoni anayang'anitsitsa ngala zinali m'dzanja la fanolo, ndipo zinkaoneka ngati za m'munda mwake.

"Amayi, ngalazo mwazitenga kuti? Kapenatu mumagawana? Akazi nokhanokha simungalephere kuikirana kumbuyo."



"Ndiye ukufuna chiyani?" anafunsa Demeta, mawu atasintha.

"Mundiike poti ndigwire mbalayo ndi manja angawa."

"Chabwino. Ukalondere."

Nthawi yomweyo Nikoni anayamba kufota. Anachepa, anachepa, nada bii, ndipo mlomo wake wokonda kufufuza uja unatalika n'kusongoka. Anangozindikira ali mumtsuko mwake. Anayang'ana uku, mbala palibe. Uko, palibe. "Yabisala m'kati mwa njere," anatero, n'kuboola njere imodzi. Sanapezemo munthu, koma njala inali itamupweteka, ndiye anadyako pang'ono. Anaboola ina, kenako ina.

Melita anamufunafuna mwamuna wake m'minda ndi kwa abale onse, mpaka anatopa ndi kulira. Tsiku lomwe anavundukula mtsuko uja, anapeza fumbi lokhalokha, kachilombo kakuda kakuyenda pamwamba. Atakakhudza ndi chala kanangouma gwa, ngati kafa. Anali manyazi amenewo.

Ndi chifukwa chake lero nankafumbwe amaboola njere iliyonse imene waipeza m'nkhokwe. Akufunafunabe wakuba tirigu wake, ndipo mpaka pano palibe wamuuza kuti wakubayo ndi iye mwini.