Zefaniya Atsazika Ulendo wa ku Joni

Bambo Kapichi anagula nyumba zitatu za lendi ku Joni mobisira akazi awo. Okhalamo atasiya kulipira, anaitana Zefaniya, telala amene ankachita lendi kuseri kwa nyumba yawo ku Bangwe.

"Mawa ukwere basi, ukawakhaulitse anthu amenewa. Thiransipoti udzionere wekha. Ukakana, usamuke!"

"Ndamva, bwana," anatero Zefaniya. "Koma ulendo wautali chonchi munthu sanyamuka osatsazika."

M'mawa anabwera ndi chikwama chake n'kugwada pakhonde. Mayi Kapichi anali akutaya madzi amene anadontha kudenga.

"Mayi, ndabwera kudzatsazika. Ndikukaona nyumba zanu zitatu za ku Joni zija. Ndikutengereni chiyani pobwera?"

"Nyumba zanga?" Mayiwo anatembenuka, beseni lili m'manja. "A Kapichi! Si inu mumati ndalama za malata palibe?"

Bambo Kapichi anatuluka akuthamanga, sopo ali kumaso.

"Bodza limenelo! Ku Joni ndilibe nyumba ine, ngakhale khola la nkhuku!"

Zefaniya anatula chikwama n'kuwomba m'manja.

"Zikomo bwana, mwandipulumutsa! Ndikanakavutika kufunafuna nyumba zoti kulibe."

Anabwerera ku makina ake akuimba mluzu. Kumbuyo kwake beseni linalira pamutu pa munthu.